Zolembedwa pa menyu ndi zobwera pa mbale, bwanji sizikumafanana mu Blantyre muno?

Mayi_wa_ku_Chilomoni

Abale anga ndithandizeni maganizo, mwina ine ndi amene ndikukokomeza zinthu. Loweruka lapitali tinawatenga apongozi anga kukadya ku lesitilanti ina m'tauni, dzina sinditchula chifukwa sindinabwere kudzagwetsa bizinesi ya munthu. Apongoziwo kwawo ndi ku Makawa ku Mangochi, anabwera kudzaona mdzukulu, ndiye bambo akunyumba anati tiyeni tiwasangalatseko mayi asanabwerere, asakanene kumudzi kuti ku Blantyre ndinkangodya nyemba ndi soya pisi. Malo ake abwino ndithu, mipando yofewa, nyimbo chapansipansi, menyu yokhala ndi zithunzi zoti ukangoona malovu dzadzu mkamwa. Pa tsamba la nsomba analemba m'Chingerezi kuti chambo chafuleshi chochokera ku nyanja ya Malawi, chowotcha pa makala, chobwera ndi mpunga wa Kilombero ndi masamba otendera. Ine kuwawerengera ndi kuwamasulira, iwo kumwetulira amvekere ndiye ndidye ya kwathu yomweyo.

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Mbale itafika apongozi anangoyang'ana nsomba ija, kuitembenuza ndi chala, kutsina pang'ono pamsana nkulawa, kenako anandiyandikira nkunong'ona kuti mwananga, iyi ndi ya m'damu iyi, ikumveka matope. Komanso sinali yowotcha pa makala ayi, inali yokazinga m'mafuta kenako anangoigoneka pa chitsulo kuti ioneke timizere takuda. Mpunga woyera bwino koma fungo ziii, pomwe Kilombero weniweni ukaphika ngakhale aneba amadziwa kuti lero kwa aujeni kuli alendo. Masamba otendera aja anali kabichi ndi karoti, nsinjiro sinadutseko nkomwe. Juwisi wa mwana amene analemba kuti ndi wofinya ku malalanje pompo, anali Sobo wosungunula woponyamo ayisi, mwana wazaka 6 anamuzindikira yekha kkkk.

Ndinamuitana weita mwaulemu kumufunsa, iye amvekere ndi chambo chomwecho madam. Bambo akunyumba kundiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisiye, akuti tisachite manyazi pamaso pa mayi. Tinalipira yonse, ndalama yoti ndikanagula thumba la makala nkutsalako ya tomato.

Funso langa ndi ili, kodi izizi ndi mmene zimakhalira ponseponse ndiye tingozolowera? Munthu ali ndi ufulu wobweza mbale ngati chabwera si chimene analemba? Nanga ukabweza umalipirabe?

Dolo_wa_Ndirande

Kkkkk amayi munalakwitsa nokha, munthu wa ku Mangochi mungakamudyetse chambo cha m'tauni? Kuli ngati kukamugulitsa mbatatesi munthu wa ku Tsangano. Nchifukwa chake ine sindichoka pa chiwaya. Pa chiwaya palibe menyu, palibe chithunzi, umaloza wekha ndi chala kuti ndipatse iyo, ayi osati iyo, iyo yamafutayo, ndipo amakulawitsa kaye kamodzi. Zokongola pa pepala zija ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Shefu_Wopuma

Chemwali pepani ndithu, apongozi anu sananame. Ine ndagwira ntchito m'makhitchini zaka zoposa 20, kuyambira kusenda mbatatesi mpaka kukhala woyang'anira khitchini, m'tauni muno ndi kunyanja komwe, ndiye ndikuuzeni mmene zimayendera kuseri kwa chitseko chija, mwina zikuthandizani ulendo wina.

Choyamba dziwani kuti menyu nthawi zambiri salemba ndi munthu wophika. Amalemba bwana mwini malo kapena mwana wake wodziwa kompyuta, zithunzi amakatenga pa intaneti, nkukapulinta kamodzi basi, imeneyo ikhala zaka zitatu. Pomwe ku msika zinthu zimasintha sabata iliyonse. Shefu amangouzidwa m'mawa kuti ndalama yogulira ndi iyi, uone chochita. Ndiye kasitomala akaitanitsa chinthu choti mulibe, weita amabwera kukhitchini, manejala amvekere usamubweze kasitomala, mupatseni chofanana nacho sazindikira. Ndipo kunena zoona ambiri sazindikiradi, mwa anthu khumi mwina mmodzi, ndipo mmodziyo amakhala ngati inu, wapondedwa phazi pansi pa tebulo.

Nkhani ya chambo ndi yovuta kuposa zonse. Chambo chenicheni cha m'nyanja chinachepa kalekale, aliyense wa ku Mangochi angakuuzeni mmene Malombe inalili kale ndi mmene ilili pano. Kuonjezera apo Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane, koma pitani m'malesitilanti miyezi imeneyo mukapeza menyu ikunenabe kuti chambo chafuleshi tsiku ndi tsiku, dzifunseni nokha chikuchokera kuti. China chimakhala choweta m'makhola a pamadzi ngati a Maldeco ku Mangochi konko, chimenecho ndilibe nacho mlandu, ndi nsomba yabwino ndipo yakuliradi m'madzi a m'nyanja. Koma zambiri zimene mumadya ndi makumba a m'maiwe a alimi, kapena mphende za ku Shire kumunsi, kapena zouma ndi ayisi zobwera m'makatoni. Zonsezi ndi pachibale ndi chambo, zikakazingidwa nkuthiridwa anyezi ndi tomato pamwamba maonekedwe ndi amodzi. Kusiyana kuli pa kukoma. Ya m'dziwe losasamalidwa imamveka matope makamaka cha kumimba, ndipo imene yagona nthawi yaitali mufiliji mnofu wake umakhala wouma ngati thonje, sumatuluka m'magawo oyera onyowa aja mukautsina.

Ndiye pali fileti, apa mpamene pamabisala zambiri. Nsomba ikachotsedwa mutu, khungu ndi minga nkuviikidwa mu fulawa ndi dzira, ngakhale ine nditavala magalasi sindingalumbire kuti ndi chani ndisanalawe. Kampango mmodzi wamkulu amatulutsa mapisi ambiri kuposa chambo zinayi, mlamba ndiye wotchipa, ndiye masamu ake mukuwaona nokha. Langizo langa, ngati mukufuna chambo itanitsani chathunthu chokhala ndi mutu wake, ndipo musaope kunena kuti ndionetseni kaye chisanaphikidwe. Maso akhale owala osalowa m'kati, makha akhale ofiira osati otuwa, mukadina ndi chala mnofu ubwerere. Malo achilungamo amabweretsa pa thileyi mosanyinyirika.

Nkhuku ya lokolo nayonso ndi nkhani ina. Lokolo weniweni amatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti akule, pomwe broiler masabata 6 yakwana, ndiye mtengo sungafanane. Chimene ambiri amachita sikukupatsani broiler ayi, imeneyo mwana aliyense angaizindikire chifukwa fupa lake limatafunika ngati bisiketi. Amagula nkhuku zoikira mazira zimene zatopa kuikira, ma layers aja alimi amagulitsa motchipa akafuna kulowetsa zina m'khola. Nyama yake ndi yolimba ndiye kasitomala akamalimbana nayo amati eee lokolo weniweni uyu. Koma msuzi wake ulibe fungo lija la nkhuku yoyenda yokha kuseri kwa nyumba, ndipo nyama ya pa ntchafu siida ngati ya lokolo.

Mpunga ndiye musachite kufunsa. Kilombero amachokera ku Karonga, kufika naye kuno thiransipoti yokha ndi ndalama, ndiye ena amasakaniza ndi mpunga wina wotchipa, ena amangosiya dzina pa menyu mpunga wake nkukhala uliwonse umene apeza ku msika wa Limbe. Mwinanso mwini lesitilanti anapusitsidwa yekha ndi wogulitsa, paja pa msika thumba lililonse ndi Kilombero ukafunsa. Khofi chimodzimodzi, pa menyu Mzuzu, m'kapu wa m'chitini wosungunula ndi madzi otentha.

Za weita uja musamukwiyire kwambiri. Akanakuuzani zoona kuti si chambo, madzulo ake akanaitanidwa ku ofesi.

Mlongo_wa_ku_Soche

A Shefu mwanditsegula m'maso koma mwandiopsezanso. Ife a Seventh Day sitidya nsomba yopanda mamba, mlamba ndi kampango ndi zoletsedwa kwa ife monga zilili pa Levitiko 11. Ine ndakhala ndikuitanitsa fileti ya chambo zaka zonsezi ndili phee mumtima kuti ndikudya yololedwa, pano ndayamba kuwerenga malo onse amene ndinadyako eish. Anthu amaona ngati nkhani ya menyu ndi ya kukoma chabe kapena ndalama koma kwa ena ndi chikhulupiriro. Anzathu achisilamu nawonso, soseji akalemba kuti ya ng'ombe iyenera kukhala ya ng'ombe, nchifukwa chake amayang'ana kaye chikalata cha halaal pakhoma asanakhale pansi. Ndipo pali ana ena amene mtedza umawatupitsa thupi lonse mpaka kubanika, tangoganizani zitachitika mosemphana ndi za mayi a ku Chilomoni, pa menyu palibe mawu oti zotendera koma m'mbale muli nsinjiro.

Shefu_Wopuma

Mlongo musataye mtima, si malo onse amachita zimenezo, ndagwirako malo ena oti bwana ankabweza katoni yonse ya nsomba akaikayikira. Koma mukamaitanitsa nenani poyera kuti ine sindidya nsomba yopanda mamba chifukwa cha mpingo, mufunseni shefu. Mawu amenewo akafika kukhitchini anthu amaopa, ophika ambiri ndi opemphera nawonso, kunamiza munthu pa kukoma amaona ngati bizinesi koma kumudyetsa choletsedwa amadziwa kuti ndi tchimo lawo. Kapena pemphani fileti yosachotsa khungu, khungu la chambo limaoneka mabokosimabokosi pamene panali mamba, la mlamba ndi loterera.

Mwini_kalesitilanti_ku_Limbe

Ndawerenga zonse ndipo ndilankhuleko mbali ya ife ogulitsa chifukwa apa tikuoneka ngati tonse ndife akuba. Ine ndili ndi kamalo kanga ka matebulo 8 kufupi ndi msika, ndimaphika nsima, mpunga, nkhuku, nyama ya mbuzi, mang'ina, nsomba ikapezeka. Nditayamba ndinapulintitsa menyu yokongola yapulasitiki, ndalama zambiri ndithu. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25%, ndinamata timapepala pa mitengo. Novembala 2023 inagwanso ndi 44%, ndinamata timapepala tina pamwamba pa timapepala, menyu inayamba kuoneka ngati chigamba cha thalauza la kumunda. Mafuta ophikira kukwera, makala kukwera, tomato nthawi ya dzinja simungamugwire. Chaka chimene Kapichira inaonongeka ndi namondwe Ana chija magetsi ankazima tsiku lonse, ungasunge bwanji nsomba yafuleshi mufiliji yozima? Ndiye munthu umakhala pakati, ukakweza mtengo makasitomala athawa, ukasiya mtengo uyenera kuchepetsa penapake, pisi ya nkhuku imene inali kota imasanduka kagawo koti ukayetsemula kauluka.

Koma ngakhale zili choncho ine sindikuwaikira kumbuyo anakugulitsani nsomba aja mayi. Kuchepetsa ndi kwina, kusintha chinthu osamuuza munthu ndi kwinanso. Ine menyu ija ndinaitaya, ndinagula bolodi ndi choko, m'mawa uliwonse ndikabwera ku msika mtsikana amalemba zimene zilipo lero. Makumba timalemba makumba, ndipo mudabwa, anthu amagula bwinobwino, ena amachita kuwafuna. Lokolo ndimaphika Lachisanu lokha chifukwa ndi tsiku limene amandibweretsera kuchokera ku Chiradzulu, ikatha timafufuta. Kasitomala wanga ndi wa minibasi, wa mu shopu ya mmwenye, wa ku banki, amabwera tsiku lililonse, ndikamunamiza lero mawa akadya kwa mnzanga khomo lachiwiri. Malo akuluakulu aja amalimba mtima chifukwa amadziwa kuti inu mubwera kamodzi pa chaka pa bethide, ndipo mwavala bwino simungakweze mawu.

Chinanso ndinene, makasitomala enanu mumatiphunzitsa bodza nokha. Ukamuuza munthu kuti chambo chatha koma pali makumba abwino, amadzuka nkupita pa malo ena pomwe akamupatsa makumba omwewo atawatcha chambo, nkulipira kawiri mtengo wanga, akutuluka akutokosa m'mano mosangalala.

Dolo_wa_Ndirande

Nkhani ija ya kota nkhuku ndiye yandipweteka ine. Masiku ano nkhuku imodzi ikumatulutsa makota 7, kaya ndi masamu a sukulu iti kkkkk.

Wa_ku_Namiwawa_04

Funso la ufulu lija silinayankhidwe bwino ndiye ndiyeseko, si ine loya koma ndimazitsata nkhanizi. Menyu ndi lonjezo. Mukaitanitsa chimene chalembedwa pa mtengo umene walembedwa mwagwirizana ndi mwini malo pa chinthu chimenecho, akabweretsa china ndiye kuti iye ndi amene waphwanya pangano. Malamulo athu amaletsa kunamiza wogula za mtundu, chiyambi kapena ubwino wa katundu. Pali Consumer Protection Act ya 2003, komanso lamulo la Competition and Fair Trading limene linakonzedwanso mu 2024, pano CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lili ndi mphamvu yolipiritsa lokha chindapusa, kampani ikhoza kulipa mpaka 10% ya ndalama zimene imapeza pa chaka. Kudandaula ku CFTC ndi kwaulere. Kulinso CAMA ya a John Kapito mu Blantyre momwemuno imene imalankhulira ogula. Ngati vuto ndi ukhondo kapena chakudya choonongeka, kumeneko ndi kwa a zaumoyo a khonsolo ya mzinda ndi a Malawi Bureau of Standards.

Koma tinene zoona, ndani angayende mpaka ku ofesi chifukwa cha mbale imodzi ya nsomba, ndipo umboni wake mwaudya kale uli m'mimba. Chimene chimagwira ntchito ndi pompo pa tebulo. Mukaona kuti si chimenecho musapitirize kudya, kulawa kamodzi kapena kawiri basi, jambulani mbale ndi tsamba la menyu pa foni, itanani manejala osati weita, lankhulani motsitsa mawu kuti ndinaitanitsa ichi mwandipatsa ichi, mundisinthira kapena muchotsa pa bilu? Nthawi zambiri amasintha chifukwa safuna matebulo ena amve. Mukamaliza mbale yonse mpaka kuyamwa mutu kenako nkumati sichinali chambo, pamenepo mlandu wakuvutani, mulipira basi. Ndipo lisiti muzitenga.

Pali zina zoti sungadandaule nazo, akalemba kuti nkhuku yokoma ngati ya agogo kapena chipisi chabwino kuposa chonse mu Blantyre, amenewo ndi mawu otsatsira malonda, aliyense amadziwa. Koma chambo, Kilombero, lokolo, kuwotcha pa makala, amenewo ndi mayina a zinthu zenizeni ndipo ndi amene akweza mtengo pa menyupo.

Achimwene_a_ku_Bangwe

Ine ndikuona ngati vuto lathu Amalawi ndi ulemu wopitirira. Weita akabwera kudzafunsa kuti chakudya chili bwanji tonse timati chili bwino zikomo, tikatuluka pa geti ndiye kuyamba kutukwana m'galimoto mpaka kunyumba. Bambo anu aja okupondani phazi ndi ine ndendende, madam akayamba kufunsa mafunso ine ndimayang'ana pa foni ngati sindikuwadziwa. Koma safunsa anadya phula. Panopa ndinaphunzira funso limodzi, ndisanatsegule menyu ndimamufunsa weita kuti iweyo lero ukanakhala ndi ndalama ukanadya chani pano? Amaseka kaye kenako amakuuza chimene chaphikidwa lero, ndipo akati bwana nsomba isiyeni yesani mbuzi, musafunsenso chifukwa chake.

Mayi_wa_ku_Chilomoni

Zikomo nonse, a Shefu makamaka, ndawerenga kawiri. Ndinawaonetsa bambo akunyumba zimene mwalemba, akuti iwo anandiponda phazi mwangozi kkkk bodza.

Dzulo pochokera kuntchito ndinadutsa pa malo paja, lisiti ndinali nalo mu bagi. Ndinapempha manejala, ndinamufotokozera bwinobwino mopanda ukali monga ananenera a ku Namiwawa. Poyamba anati sizingatheke, kenako analowa kukhitchini, anakhalako kanthawi, potuluka anali wofewa, akuti owabweretsera nsomba za ku Mangochi sanabwere sabata imeneyo ndiye anagula kwina, anyamata anaiwala kundiuza. Za mpunga ndi juwisi anangoti tiziona. Ndalama sanabweze koma anati ndidzabwere ndi mayiwo adzadye ulere. Ndinasuzumira menyu ili pa kauntala, mawu ndi omwe aja, chafuleshi chochokera ku nyanja ya Malawi.

Apongozi ndinawaimbira kuwauza za ulere uja, anakana, akuti ulendo wa ku Blantyre chifukwa cha nsomba ya m'damu ayi. M'malo mwake m'mawa uno kondakitala wa basi ya ku Mangochi wandiimbira kuti ndikalandire katundu pa depoti ya Limbe, kachidebe komata ndi selotepi, m'kati ayisi ndi chambo zinayi, pamwamba kapepala koti ziwiri za mdzukulu wanga. A Shefu, kuwotcha pa mbaula osapsereza khungu ndimatani, ndithire mchere ndi ndimu zokha kapena ndionjezere adyo?